Za manjano ndi matenda oganiza kwambiri

Sabata yathayi tili kumunda wachitsanzo kumtunda kwa Namwera, mayi wina anandikokera pambali nkundionetsa uthenga wa pa WhatsApp woti manjano, ena amati tameliki, akuchiza matenda okhumudwa. Bambo akunyumba kwawo chimwalirireni mwana wawo woyamba tulo sakuliona, nsima angotsina mbamu ziwiri nkusamba m'manja, ndi kumzikiti komwe anasiya kupita. "Alangizi, ndingowamwetsa manjanowa basi?" Nkhaniyi yandikhala pamtima ndiye ndati ndiyankhe onse pano.

Uthengawo si bodza lenileni ayi. Mu manjano muli mankhwala otchedwa curcumin, ndi omwe amathimbiritsa zala ndi mtondo kukhala yachikasu. Mu 2014 madokotala a ku India anasindikiza zomwe anapeza atayesa odwala 60 kwa masabata 6, ena anapatsidwa fluoxetine, mankhwala a kuchipatala a matenda okhumudwa, ena curcumin mamiligalamu 1,000 patsiku, ena zonse ziwiri, ndipo kupeza bwino kwawo sikunasiyane kwenikweni. Ku Australia nakonso chaka chomwecho anayesa anthu 56 kwa masabata 8 nkuona kusintha. Koma taonani, anthuwa ngochepa, masabata ngochepanso, komanso ankamwa makapisozi okonzedwa kufakitale osati ufa wa pamsika.

Apa mpomwe ndikufuna timvetsane. Mu ufa wa manjano curcumin amangokhalamo pafupifupi magawo 3 pa 100, ndiye kuti mufike mlingo wa ku India uja pafunika masipuni a tiyi ngati 10 tsiku ndi tsiku, ndipo thupi silimuyamwa bwino, wambiri amangodutsa m'matumbo nkutuluka. Kasipuni kamene mumathira mu usipa kaja nkokometsa ndiwo, sikangalowe mmalo mwa chipatala.

Kudya kokha idyani ndithu. Muziyamba mwakazinga m'mafuta pamodzi ndi anyezi, muwazemo tsabola wakuda wosinja pang'ono chifukwa mafuta ndi tsabolayo ndi zomwe zimathandiza kuti alowe m'magazi. Mumpunga, mu chambo, mu nyemba, akoma monsemo.

Kulima sikovuta, ndi m'bale wake wa jinja. Mvula ikakhazikika mu Disembala dulani timizu tokhala ndi maso awiri kapena atatu, dzalani pamzere wothira manyowa owolerana, kuzama ngati chala, phando ndi phando masentimita 30. Inu a kunyanja, kwa Makanjira, Malindi, Monkey Bay, dzuwa lathu lija mukulidziwa, phimbirani ndi udzu ndipo sankhani pamthunzi pang'ono, kaya m'mbali mwa nthochi, koma pasamadikhe madzi mizu imaola. Pakatha miyezi 8 kapena 9 masamba akauma kumbani, tsukani, wiritsani pafupifupi ola limodzi, yanikani pathandala masabata awiri mpaka aziti gwaa, kenako sinjani. Mizu ina musaiwiritse, musunge ya mbewu. Ufa wanuwanu ndimaukonda chifukwa ku Bangladesh anapeza kuti ena ankathira mu ufa wogulitsa utoto wa mtovu kuti uoneke wowala.

Za makapisozi a manjano akugulitsidwa pa Facebook aja, chonde samalani. Amayi oyembekezera ayi, odwala chiwindi kapena timiyala ta m'ndulu ayi, omwe mukumwa warfarin, mankhwala osungunula magazi, ayi chifukwa magazi amachedwa kuundana. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a shuga yambani mwafunsa adokotala.

Mayi aja ndinawauza kuti manjano aziwaphikira, koma bambowo apite nawo kuchipatala cha boma ku Mangochi akaonane ndi anamwino oona za matenda a maganizo, sikuti aliyense wopita kumeneko amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba ayi, ambiri amalandira uphungu ndi mankhwala nkubwerera kwawo tsiku lomwelo. Munthu akatha masabata awiri ali ndwii, zomwe ankakonda sizikumusangalatsanso, nthawi yopita naye kuchipatala yakwana. Akayamba zoti bola kungofa, musadikire kuti kuche, musamusiye yekha, ndipo mankhwala ophera mbozi ndi osungira chimanga aja muwachotse m'nyumba lero lomwe. Ndipo amene anayamba kale mankhwala a matendawa monga amitriptyline kapena fluoxetine asasiye chifukwa cha uthenga wa pafoni, kusintha kumayamba kuoneka pakadutsa masabata awiri kapena anayi.