Chitsulo cha tayala la sipeya pa kalavani chitang'ambika

Chinang'ambika pomwe anawotcherera, chifukwa bampala ndi yopyapyala, mamilimita 2 okha, ndipo tayala limagwedezeka m'mabampu, makamaka potsika Ku Chawe pa phiri la Zomba. Kungowotchereranso pomwepo n'kutaya ndalama, kumang'ambikanso pambali pake.

Ndinapala dzimbiri, n'kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire. Kenako ndinapana bampalayo ndi zitsulo ziwiri zophwatalala za mamilimita 6, uku ndi uku, n'kumanga ndi mabawuti anayi a M12 (onenepa mamilimita 12) olembedwa 8.8 (nambala yosonyeza kulimba kwake), ndi manati osamasuka okha aja. Ndinawonjezera chitsulo chopendekera chofika pa chasisi (zitsulo zikuluzikulu zapansi zonyamula kalavani) kuti kulemera konse kusatsamire bampala. Penti osaiwala, chinyezi cha ku Zomba kuno sichichedwa kuitana dzimbiri. Mukayenda makilomita 50, mangitsaninso manati.