Musanakweze katundu pa lole yopita ku Mangochi

Bambo a kunyumba atawasamutsira ku Mangochi, iwo anatsogola kukayamba ntchito, ine ndinatsala ku Area 25 ku Lilongwe ndi ana awiri komanso katundu wa zaka 11 za banja. Unali Novembala, mitambo itayamba kale kuwopseza. Lole ndinaipeza pa Facebook, pa tsamba lokhala ndi zithunzi za malole oyera mbee. Tinagwirizana pa foni K380,000, ndipo ndinatumiza yonse madzulo omwewo chifukwa anati akufuna kukafola pa dizilo usiku. Katundu amene anayenera kufika dzuwa lisanalowe anafika mawa lake masana, matilesi atanyowa, galasi la displeyi litasweka, katoni ya mapoto kulibe. Ndiye ngati nanunso mukusamuka, mverani kuno.

Yambani ndi kudziwa amene mukulankhula naye. Wanga uja sanali mwini lole, sanalinso dalaivala. Anali dobadoba chabe: analandira ndalama yanga, nadulapo yake, yotsalayo n'kupatsa dalaivala wina amene sankadziwa n'komwe zomwe tinapangana. Lole imene inabwera sinali ya pa chithunzi ija. Choncho pitani mukaione ndi maso pamene imagona. Onani matayala, funsani COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi ngati zili zamoyo, jambulani nambala yake ndi layisensi ya dalaivala. Wachilungamo sakwiya nazo zimenezi. Akayamba zoti "Mayi, inu simukutikhulupirira?" mutsanzikeni.

Lembani pepala. Sizifuna loya ayi, pepala la m'kope ndi lokwanira: mtengo wonse, tsiku ndi nthawi yonyamuka, kumene katundu akatsikire, ndi mawu akuti mtengowo ukuphatikiza dizilo, tolgeti ndi aganyu okweza ndi kutsitsa. Malo otsikira alembedwe bwinobwino. "Mangochi" ndi dziko lalikulu. Pa boma si ku Namwera, kumene lole imakwera phiri la Chowe ikulira, si ku Monkey Bay, si ku Makanjira. Mukangoti Mangochi, mudzamva kuti "ife tinagwirizana za pa boma" mutaima pa mlatho wa Bakili Muluzi, nyumba yanu ili tsidya linalo. Musayine nonse awiri pamaso pa mboni.

Ndalama perekani ya dizilo yokha poyamba, isapitirire theka. Yotsalayo ikhale m'manja mwanu mpaka katoni yomaliza italowa m'nyumba. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga utsale ngati umboni, koma muonetsetse kuti dzina lotuluka pa foni ndi lomwe lili pa pepala lija.

Nkhani ya njira ndi imene inandipweteka kwambiri, ndipo ambiri saiganizira. Mwa njira zochokera ku Lilongwe, nditchulapo ziwiri. Yachidule ndi yodutsa ku Dedza, kutsetsereka Khwekhwelele kukafika ku Golomoti, kenako kulowera msewu wa ku Monkey Bay ndi Mangochi. Yaitali ndi ya Ntcheu, Chingeni, Balaka, Liwonde, kenako M3 kudzera pa Ulongwe. Khwekhwelele ndi wokhotakhota ndiponso wotsetsereka koopsa, moti dalaivala amene sakhulupirira mabuleki ake amauthawa, ndipo pamenepo sindingamudzudzule. Koma anene poyamba, mtengo upangidwe pa njira imeneyo. Wanga anakhala chete. Ine ndi ana tinakwera minibasi, mumtima ndili phee. Cha m'ma 4 koloko foni inalira.

"Mayi, tili pa Balaka, dizilo watha. Tumizani 70 sauzande."

"Achimwene, ku Balaka mukutaniko? Si tinati Golomoti?"

"Ine za Golomoti sindinauzidwe, mayi. Mukachedwa tigona pompano."

Ndinaimbira dobadoba uja, foni yozima. Katundu wako yense akakhala pa lole ya munthu, ulibe pakamwa. Ndinatumiza. Pambuyo pake mnyamata wothandizira pa loleyo anandiululira kuti anadzera kumeneko chifukwa anali ndi matumba a munthu wina okatsitsa pa Ntcheu, ndipo njira yonse ankanyamula matola. Anthu anakhala pa sofa wanga ndi mitolo yawo kuyambira pa Kampepuza mpaka pa Liwonde. Anagonabe pa Ulongwe, mvula n'kuwapeza pomwepo, lona wake wobowoka ngati sefa.

N'chifukwa chake ndikuti pa lole pakhale munthu wanu. Mpando wakutsogolo uli ndi malo, mukwezepo mchimwene wanu kapena mwana wamkulu, foni yake ili yodzaza moto. Iyeyo ndiye akane matola, akanenso thumba lililonse lachilendo. Makamaka makala. Madalaivala amakonda kutola makala m'njira, koma kunyamula makala opanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pa rodibuloko apolisi ndi a zankhalango akagwira lole, mipando yanu nayonso imagona komweko.

Pa kapakiridwe sindichulukitsa. Katoni iliyonse ilembedwe nambala ndi chekeni, inu mukhale ndi kope losonyeza zomwe zili mkatimo. Werengani pokweza dalaivala akuona, werenganinso potsitsa. Ine ndinazindikira kuti mapoto kulibe patatha masiku awiri, pofuna kuphika nyemba, ndiye ukamuuza ndani? Magalasi a displeyi ndi mashelefu achotseni, akulungeni m'mabulangete, ayende choimirira. Filiji nayo iyende choimirira itamangidwa ndi chingwe, ndipo ikafika isiyeni maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a mu kompuresa abwerere m'malo mwake. Matilesi akutidwe ndi pulasitiki ngakhale kuli lona. Lonayo mutambasuleni pansi muone nokha ngati alibe zibowo. Ziphaso, masatifiketi, mabuku a kuchipatala, laputopu ndi ndalama zisakwere lole, zikhale m'chikwama chanu.

Nyamukani m'bandakucha. Mangochi amatentha mosaseketsa, makamaka Okutobala ndi Novembala, ndipo aganyu otsitsa katundu 1 koloko masana amangoponya kuti athane nazo. Kufika usiku nakonso n'koipa: magetsi akazima mumawerenga makatoni ndi tochi ya pa foni, ndipo ndi nthawi imene zinthu zimamera miyendo. Amene ali kale ku Mangochiko akonzeretu makiyi a nyumba, agule mayunitsi a magetsi, aonenso ngati lole ingalowe mpaka pakhomo, poti misewu ina ya m'makwalala ndi mchenga wokhawokha ndipo lole yolemera imatitimira.

Zikavuta ngakhale mwachita zonsezi, jambulani zowonongeka katundu asanatsike, ndipo musamalize kulipira. Ngati akukaniza katundu wanu kuti muwonjezere ndalama, pitani ku polisi ndi pepala lija. Madandaulo a ogula amalandiridwanso ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, ndipo khoti la majisitireti limamva milandu ya ndalama ngati imeneyi. Koma konseko funso loyamba ndi lakuti munagwirizana ndi ndani, umboni uli kuti. Ine ndinalibe choyankha. Ndinali ndi nambala ya foni yozima ndi chithunzi cha lole ya eni ake.

Matilesi tinawayanika masiku atatu pa mpanda, dzuwa la kuno linatithandiza. Mayi oyandikana nawo nyumba, amene tsopano timaitanana kuti achemwali, anandibwereka mapoto awiri mpaka mwezi utatha. Displeyi ija ilipobe pa balaza, mbali imodzi tinaikamo pulayiwudi.