Mmene mungapangire kanema wa zigoli ndi nkhondo za m'gemu kuno ku Joni

Munthu akagoletsa chigoli cha patali pa gemu ya mpira ya FC, chonga chija Gabadinho Mhango anawathira a Morocco mu Januwale 2022, amathamangira foni n'kuyamba kujambula TV. Kanemayo amatuluka ndi mizeremizere, babu la padenga likuwala pakati pa bwalo, dzanja likunjenjemera. Palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezo pambuyo pake. Chithunzi chiyenera kutengedwa m'kati mwa makina amene akuyendetsa gemuyo, ndipo makina ambiri amene tili nawo m'zipinda za ku Rosettenville, Yeoville kapena Mayfair amatha kale ntchitoyi popanda kugula china chilichonse.

PS4 imakhala ikujambula mwakachetechete nthawi yonse imene mukusewera. Chigoli chikalowa, dinani batani la SHARE kamodzi, kenako la Square, ndipo imasunga mphindi 15 zapitazo. Nthawiyi mutha kuichepetsa kapena kuikweza mpaka mphindi 60 mu Sharing and Broadcasts, koma mphindi 3 kapena 5 n'zokwanira. Fayilo yaitali imangodzaza malo ndipo mudzatopa kufufuza chigolicho m'kati mwake. Dziwani kuti PS4 wamba imajambula pa 720p ndi mafulemu (zithunzi zimene zimapanga kanema) 30 pa sekondi, pomwe PS4 Pro imafika 1080p. Pa PS5 batani lake ndi Create, ndipo pali chinthu chimodzi choyenera kusintha musanajambule kalikonse: lowani mu Captures and Broadcasts, musinthe mtundu wa fayilo kuchoka pa WebM kupita pa MP4. WebM imavuta kutsegula m'mapulogalamu ambiri odulira, komanso ngati TV yanu ili pa HDR (kaonetsedwe kowala kwambiri), kanemayo amadzaoneka wotuwa ngati nsalu yosuluka mukamuika pa laputopu wamba. Magemu ena amatseka dala kujambula pa zigawo zina za nkhani yawo. Mukaona uthenga woti kujambula kwaima, si makina anu amene awonongeka.

Potulutsa mafayilo, fulashi ikhale yofomatidwa mu exFAT. Fomati ya FAT32 imakana fayilo iliyonse yoposa 4GB. Ndipo fulashi yotchipa kwambiri yolembedwa 256GB, yogulidwa pa tebulo la m'mbali mwa msewu m'tauni, muiyeze kaye ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw musanaikemo ntchito yanu. Yachinyengo imaonetsa ngati yalandira mafayilo onse, mayina n'kumaoneka bwinobwino, koma mukati mutsegule mumapeza mulibe kanthu.

Osewera Free Fire kapena PUBG Mobile pa foni agwiritse ntchito chojambulira sikirini chimene chimabwera ndi foniyo, n'kusankha kuti chitenge mawu a m'kati mwa foni, osati a maikolofoni. Tsekani mauthenga ndi Do Not Disturb, apo ayi uthenga wa kumudzi wa pa WhatsApp udzatsika pamwamba pa sikirini pa nthawi imene mukugwetsa mdani womaliza, dzina ndi nkhani ya pabanja zili poyera. Musajambule foni ili pa chaja. Ikatentha imadzichepetsa yokha mphamvu, gemu n'kuyamba kudukiza, ndipo kudukizako kumalowa m'kanema.

Pa kompyuta, pulogalamu yojambulira ya OBS Studio ndi yaulere ndipo imakwanira. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa tonse tikudziwa mmene magetsi amathimira mosatsanzika. Jambulani mu mtundu wa fayilo wa MKV. MP4 wamba imalemba mndandanda wa zam'kati mwake pomaliza penipeni, choncho magetsi akathima kujambula kusanaimitsidwe, ola lonse lapita. MKV imasunga zonse mpaka sekondi imene makina anazima. Mukamaliza pitani pa File, musankhe Remux Recordings, ndipo m'masekondi ochepa mupeza MP4 popanda kutaya ubwino wa chithunzi. Ngati muli ndi khadi la zithunzi la NVIDIA sankhani NVENC, imene imapatsa khadilo ntchito yojambula, ndi CQP (mulingo wa ubwino wa chithunzi) ya pakati pa 18 ndi 20, kuti purosesa isalemedwe. Ikaninso phokoso la gemu pa tiraki yakeyake, mawu anu pa ina. Mukawasakaniza pojambula simudzathanso kuchotsa chifuwa kapena kuwomba kwa chitseko. Malo pa disiki awerengereni motere: 20 Mbps ndi 150MB pa mphindi, kutanthauza 9GB pa ola.

Amene akufuna kulumikiza PlayStation ku laputopu ndi kachipangizo ka HDMI ayambe wazimitsa HDCP (chitetezo choletsa kukopera) mu System, apo ayi adzangoona sikirini yakuda. Tizipangizo totchipa tambiri timalembedwa 4K pa katoni koma timatulutsa 1080p ya mafulemu 30 basi, ndipo chithunzi chimafika mochedwa pa laputopu. Gulani kokhala ndi potulukira HDMI pachiwiri kuti muzisewera mukuyang'ana TV.

Gemuyonso imafunika kuikonza. Zimitsani nyimbo zake zonse: za pa menyu ya FC, wailesi ya m'galimoto ya GTA V. Nyimbozo zili ndi eni ake ndipo YouTube imazizindikira, komanso zimadzalimbana ndi nyimbo imene inu mudzaike. Owulutsa mpira nawonso atsitseni mpaka pansi, chifukwa mukadzadula, mawu awo adzaduka pakati pa chiganizo. Siyani phokoso la anthu m'bwalo, kugunda kwa mpira, kulira kwa mfuti. Pa masewero amene simukusewera pa intaneti, FC imalola kuimitsa n'kulowa mu Instant Replay, kumene mungazungulitse kamera n'kuchotsa zolemba pa sikirini. Chigoli chimodzi chijambuleni katatu: kuchokera kumbuyo kwa womenya, kuchokera m'mbali pansi pafupi ndi udzu, ndi kuchokera kumbuyo kwa golo. GTA V ya pa PS5 ndi pa kompyuta ili ndi Rockstar Editor, imene imasunga zochitikazo n'kukulolani kuika kamera pamene mukufuna masewero atatha kale.

Tsopano kudula, komwe kumadya nthawi yambiri. Pa foni CapCut imakwanira. Pa kompyuta yamphamvu, ya RAM 16GB, DaVinci Resolve yaulere ndi yabwino kwambiri. Pa laputopu yakale Shotcut kapena Kdenlive sizilemera. Amene alibe kompyuta asaiwale kuti SHAREfactory pa PS4 ndi Share Factory Studio pa PS5 ndi zaulere. Koma musanalowetse mafayilo a pa foni mu pulogalamu ya pa kompyuta, adutsitseni mu HandBrake mutasankha Constant Framerate. Foni imajambula mafulemu mosinthasintha, pena 60, pena 47, ndipo pulogalamu yodulira imaganiza kuti ndi ofanana. Zotsatira zake n'zakuti poyamba mawu ndi chithunzi zimayendera limodzi, koma pofika mphindi yachisanu mfuti ikulira munthu atagwa kale.

Yambani ndi nyimbo, zithunzi zibwere pambuyo. Ikani nyimboyo pa mzere wodulira, muimvere kawiri osakhudza kanthu, ulendo wachitatu muzidina M pa biti yoyamba ya zinayi zilizonse. Mu Resolve batani limeneli limasiya chizindikiro. Tengani amapiano, amene amayenda pafupifupi mabiti 112 pa mphindi. Biti imodzi ndi theka la sekondi ndi kachidutswa, kapena mafulemu 16 ngati ntchito yanu ili pa 30. Mabiti anayi ndi masekondi awiri ndi pang'ono. Ndiye kuti kanema wa mphindi imodzi ali ndi mipata 28 yotere, ndipo ngati mpata uliwonse ukufuna chithunzi chake, mufunika tizidutswa tabwino pafupifupi 30. Apa m'pamene ambiri amazindikira kuti zigoli zisanu zimene anasunga sizikwana. Makamera atatu aja amathandiza pamenepa, pamodzi ndi tinthu tating'ono: wosewera akuika mpira pansi, goloboyi akuyang'ana kumwamba, anthu akudumpha.

Chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi woyamba kumene n'chakuti woyamba amaika podulira pa biti, wodziwa amaika chochitika pa biti. Pezani fulemu yeniyeni imene nsapato yakhudza mpira, kapena imene ukonde wagwedezeka, muiikire chizindikiro, kenako mukokere kachidutswako mpaka zizindikiro ziwirizo zikumane. Podulira padzagwera pomwe pagwere. Chigoli chanu chabwino koposa chisungireni pamene ng'oma yolemera ija ya amapiano ikulowa, ndipo masekondi awiri asanafike pamenepo chepetsani liwiro kuti woonera agwire mpweya. Koma chachiwiri pa ubwino chiikeni koyambirira penipeni. Munthu wa pa TikTok sadikira dzina lanu lizungulirezungulire masekondi asanu ndi atatu. Dzinalo liikeni laling'ono pakona.

Ntchito yonseyi ichitike ndi zomvera za waya. Za Bluetooth zimachedwetsa mawu ndi mafulemu angapo, nthawi zina asanu kapena kuposa, ndipo mudzalumikiza zonse bwinobwino m'makutu anu koma kwa wina aliyense zidzakhala zophonya.

Kuchepetsa liwiro kumafuna mafulemu. Kanema wojambulidwa pa 60 akaikidwa mu ntchito ya 30 amatsika mpaka theka la liwiro lake ali wosalala. Wa PS4, wa mafulemu 30, mukamutsitsa chimodzimodzi amayenda modumphadumpha chifukwa pulogalamu ikubwereza fulemu iliyonse kawiri. Optical Flow imayesa kupeka mafulemu osowawo, koma pa miyendo yothamanga ndi pa ukonde imapinda chithunzi ngati chili m'madzi. Njira yabwino kwa a PS4 ndi kuchedwetsa m'gemu momwemo, mu Instant Replay, n'kujambula zochedwa kalezo. Zokometsera zina, kugwedeza sikirini, kuthwanima, mitundu yoyaka, zigwiritseni ntchito kawiri kapena katatu mu kanema yense. Zikachuluka, woonera saonanso kuti mpira unadutsa bwanji pakati pa oteteza awiri, pomwe n'chimene anabwerera.

Phokoso la gemu musalizimitse lonse. Litsitseni pansi pa nyimbo, n'kulikweza kwa sekondi imodzi pamene mpira wagunda mtengo kapena bwalo laphulika ndi chisangalalo. Mita ya mawu isafike pofiira; siyani pamwamba pake pa -1 dB. Mukatha mverani pa sipika ya foni, poti ambiri adzamvera pamenepo, ndipo ng'oma zapansi zimasowa pa sipika yaing'ono.

Kanema woimirira wa TikTok, Reels ndi Shorts ndi 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Mukadula chithunzi cha 1080p kuti chiimirire, mumatsala ndi madontho 608 okha mwa 1920 a m'lifupi, osakwana gawo limodzi mwa atatu, choncho muyenera kusuntha chithunzicho ndi ma keyframe (zizindikiro za pamene chithunzi chikhale pa nthawi iliyonse) kuti chizitsatira mpira. Cha 720p chimatsala ndi 405, ndipo chikakulitsidwa chimachita chimbuuzi. Chotero chisiyeni chogona, kapena chidulidwe chofanana mbali zonse. Zolemba zisakhale pansi kapena kumanja, kumene kumakhala mabatani a pulogalamuyo.

Nkhani ya nyimbo ndi yofunika kuiganizira musanataye masiku atatu mukudula. YouTube ili ndi Content ID, imene imayerekeza mawu a kanema wanu ndi nyimbo zolembetsedwa. Mwini wake atha kutenga ndalama za malonda, kapena kutseka kanemayo m'mayiko ena. Kulemba kuti nyimboyi si yanga sikusintha kanthu, ndipo kuifulumizitsa pang'ono kuti isazindikirike ndi kumubera woimba. Audio Library ya YouTube ili ndi nyimbo zololedwa kwaulere. Njira imene ife timaikonda ndi kupempha kwa achinyamata opanga mabiti, kuno kapena ku Lilongwe ndi Blantyre, chilolezo chilembedwe ngakhale pa WhatsApp, dzina lawo lioneke pa kanema. Funsaninso ngati nyimboyo inaperekedwa kale kwa ofalitsa nyimbo pa intaneti, chifukwa ikatero Content ID idzaigwirabe ngakhale mwini wake anavomera, ndipo adzafunika kuimasula iye. Anzanu amene mayina awo a m'gemu kapena mawu awo akumveka, makamaka amene mukumugoletsa zisanu, muwauze kanemayo asanatuluke.

Potulutsa sankhani MP4 ya H.264, mawu a AAC pa 48 kHz, mafulemu ofanana ndi a ntchito yanu. YouTube imalangiza 8 Mbps pa 1080p ya mafulemu 30, ndi 12 Mbps pa ya 60. Udzu wa m'bwalo, utsi ndi mvula zimaphwanyika msanga chithunzi chikapanikizidwa, choncho pa mpira kwezani mpaka 16 ngati data ilipo. Mphindi zitatu pa 12 Mbps ndi pafupifupi 270MB. Opanda Wi-Fi adikire bandulo ya usiku, monga Night Owl ya Vodacom imene imayamba 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Pa TikTok ndi Instagram yatsani chosankha chokweza mwapamwamba, chifukwa chikakhala chozima foni imayamba yafinya kanemayo isanamutumize.

Tulutsaninso kope lachiwiri la abale a kumudzi amene akuonera ndi bandulo ya Airtel kapena TNM: 720p pa 2.5 Mbps, imene pa mphindi imodzi imakwana pafupifupi 19MB. Pa WhatsApp litumizeni ngati Document, kuti lifike mmene mwalitulutsira. Mukalitumiza ngati kanema wamba WhatsApp imalifinyanso, udzu n'kusanduka phala lobiriwira, mpira osaonekanso.