Mmene mungamvetserere zimbale zakale za rock pa masipika ozungulira chipinda

Chimbale cha rock cha m'zaka za m'ma 1970 chikatulutsidwanso mu 5.1, katswiri wa mu situdiyo amakhala atabwerera ku matepi oyambirira, momwe gitala, ng'oma, besi ndi mawu a woimba zinajambulidwa chilichonse pachokha, n'kuzigawanso ku masipika asanu ndi sabuwufa imodzi. Izi ndi zimene James Guthrie anachita mu 2003 ndi The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, patatha zaka 30 chitatuluka, ndipo Steven Wilson wakhala akugwira ntchito yomweyi pa zimbale za King Crimson, Jethro Tull ndi Yes kuyambira mu 2009. Khama lonselo limapita pachabe ngati mawu akudutsa pa chingwe cholakwika kapena masipika aimikidwa pamalo osayenera, ndipo zinthu ziwirizi n'zofunika kwambiri kuposa mtengo wa zipangizo zanu.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa chimbale chimene muli nacho. SACD (Super Audio CD, mtundu wa CD wonyamula mawu apamwamba) inayambitsidwa ndi Sony ndi Philips mu 1999, DVD-Audio inabwera mu 2000, koma zambiri zatsopano zikutuluka pa Blu-ray, kawirikawiri ndi mawu a 24-bit ndi 96 kHz, amene amasunga tsatanetsatane wambiri kuposa CD wamba ya 16-bit ndi 44.1 kHz. SACD zambiri zimalira ngakhale m'makina a CD, koma makinawo amangowerenga gawo la sitiriyo, choncho mufunika puleya yolembedwa kuti imawerenga SACD. Ngati mukuitanitsa kunja, kumbukirani kuti zimbale zina za Blu-ray zimalira m'mapuleya a chigawo chimodzi chokha cha dziko lapansi, ndipo Zambia ili mu Region B limodzi ndi Ulaya, komanso kuti magetsi athu ndi a 230 V, pamene zipangizo zogulitsidwa ku America zimapangidwira 120 V.

Puleya ilumikizidwe ku ampu, makina ogawa mawu ku masipika, ndi chingwe cha HDMI. Chingwe cha optical sichingathe kunyamula mitundu ya mawu osataya kanthu monga Dolby TrueHD, DTS-HD Master Audio kapena PCM ya matchanelo asanu ndi imodzi. Chimangopereka sitiriyo kapena Dolby Digital ndi DTS zofinyidwa. Nyimbo ikayamba, yang'anani kawindo ka ampu, chifukwa ndi pamene pamalembedwa mtundu wa mawu amene akulowadi. Ndikuchenjezeninso za ma home theatre otchipa amene ali mbwee m'mashopu a mu tauni ndi ku Kamwala mu Lusaka: ena ali ndi masipika asanu koma amangolandira sitiriyo n'kuibwereza paliponse. Musanalipire, funsani ngati ali ndi polowetsa HDMI komanso ngati amamasulira mitundu ya mawu ndatchulayi.

Tsopano tifike pa kaimikidwe ka masipika, pamene ndikupempha kuti mudekhe. Sankhani kaye mpando umene muzikhalapo, ndipo muufendeze patsogolo pang'ono kuti usagunde khoma lakumbuyo. Sipika ya pakati ikhale moyang'anizana nanu. Ya kumanzere ndi ya kumanja ipatuke madigiri 30 mbali iliyonse, ndipo njira yosavuta yopezera zimenezi ndi kuonetsetsa kuti mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ndi wofanana ndi mtunda wochokera pa iliyonse kufika pamutu panu. Kachingwe wamba komangirira kumpando n'kokwanira poyezera. Awiri otsalawo akhale pa madigiri pafupifupi 110, kutanthauza m'mbali mwanu cham'mbuyo pang'ono kwa mapewa, osati kumakona akutali kapena pafupi ndi denga monga ambiri amachitira pofuna kubisa mawaya. Onse akhale pamsinkhu wa makutu anu mutakhala pansi. Mu filimu, masipika akumbuyo amanyamula phokoso la mvula kapena la galimoto yodutsa, koma mu nyimbozi katswiri akhoza kuikako gitala yathunthu kapena mawu a oimba othandizira, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa masipika asanu ofanana, ngakhale atakhala aang'ono, kusiyana ndi awiri aakulu kutsogolo ndi tiwiri tofooka kumbuyo.

Mukatero, lowani m'makonzedwe a ampu, lembani masipika onse kuti ndi "small", ikani malire a besi pa 80 Hz kuti mawu otsika apite ku sabuwufa, ndipo lowetsani mtunda wa sipika iliyonse. Ngati ampuyo inabwera ndi maikolofoni yoyezera, iikeni pamene pamakhala mutu wanu ndipo muyeze usiku kunja kutachita bata.

Nyumba zambiri za muno mu Lusaka, kaya ndi mafulati a ku Kabwata kapena nyumba za ku Chelstone, zili ndi matailosi pansi ndi makoma olimba a mabuloko, zomwe zimabweza mawu mpaka khutu kulephera kuzindikira kumene chida chikulirira. Kapeti yokhuthala pakati pa inu ndi masipika akutsogolo, makatani olemera ndi shelefu ya mabuku zimathandiza kwambiri. Pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, zulani ampu kukhoma ndipo muibwezere magetsi akakhazikika. Ngati mumagwiritsa ntchito inveta, ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a kukhoma.

Apple Music inayamba kupereka nyimbo za Dolby Atmos, mawu ozungulira ochokeranso pamwamba, mu 2021, ndipo ndi njira yabwino yolawira musanagule, koma mawu a pa intaneti amenewa ndi ofinyidwa. Atmos ya pa Blu-ray, monga ya Abbey Road ya The Beatles imene Giles Martin anakonza mu 2019, siitaya kanthu, ndipo imalirabe pa masipika a 5.1 ngakhale mulibe a kudenga.

Pomvetsera, yambani ndi chimbale chimene mumachidziwa pamtima. Imvani kaye nyimbo imodzi mu sitiriyo, kenaka bwererani poyambira mu 5.1 popanda kusintha voliyumu, ndipo mumve chimbale chonse osadumphadumpha. Pamenepo mudzazindikira zinthu zimene zinkabisika, monga gitala yachiwiri yokwiririka pansi pa kiyibodi. Mudzaonanso kuti akatswiri ena amachita mantha n'kungoika kamphepo ka mawu kumbuyo, pamene Wilson amagawa zida molimba mtima, ndipo ine ndimakonda njira yakeyo.

Zimbale zathu za Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970, za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, zimene kampani ya Now-Again inatulutsanso, sizinagawidwe mu 5.1. Ampu ikhoza kukhala ndi batani la Dolby Surround kapena DTS Neural:X lomwe likhoza kumwaza mawu ake chipinda chonse, koma kumeneko ndi kungoyerekeza kwa makina. Mukaika Zamrock, sankhani "Stereo" kapena "Direct", kuti magitala akewo alire kuchokera pa masipika awiri akutsogolo okha.