Womenyera ufulu akamangidwa: zoyenera kuchita kuyambira kupolisi mpaka pamsewu

Uthenga ukafika kuti womenyera ufulu wachibadwidwe, mtolankhani kapena munthu wamba amene anadzudzula boma watengedwa ndi apolisi, anthu ambiri amathamangira kuitanitsa zionetsero. Zionetsero zili ndi malo ake, ndipo gawo 38 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapereka kwa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero mwamtendere komanso popanda zida. Komabe ntchito yotulutsa munthu m'chitokosi imayambira kupolisi, imadutsa kubwalo la milandu, ndipo imafika pamsewu pambuyo pake. Amene amayambira kumsewu asanakonze zinazo nthawi zambiri amangowonjezera chiwerengero cha omangidwa.

Maola 48 oyambirira

Choyamba n'kudziwa kumene munthuyo ali. Tumizani wachibale wake pamodzi ndi munthu wina wodekha mtima kupolisi kumene akuganiziridwa kuti ali, akafunse mwaulemu ngati dzina lake lalembedwa m'buku la omangidwa, mlandu umene akumuganizira, ndi dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo. Lembani nthawi imene anatengedwa, malo ake, nambala ya galimoto imene inamunyamula, ndi mayina a mboni zimene zinaona. Izi ndi zofunika chifukwa omangidwa pa nkhani zokhudza ndale kawirikawiri amasamutsidwa usiku kuchoka ku Mzuzu kapena ku Blantyre kupita ku Lilongwe, kutali ndi abale awo ndi maloya awo, ndipo munthu amene anzake sakudziwa kumene ali ndi amene amazunzidwa mosavuta.

Gawo 42 la malamulo aakulu ndi limene muyenera kuliloweza pamtima. Limanena kuti womangidwa auzidwe mwamsanga chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, wokumana ndi loya amene wamusankha yekha ndi kulankhula naye mwachinsinsi, woyenderedwa ndi abale, dokotala kapena mtsogoleri wachipembedzo, komanso kuti aperekedwe kubwalo la milandu pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa nthawi imene makhoti sakugwira ntchito, lamulo limalola kudikira tsiku loyamba limene khoti litsegule, ndipo n'chifukwa chake kumanga munthu Lachisanu madzulo kwakhala chizolowezi cha amene akufuna kumukhaulitsa asanaweruzidwe. Mukadziwa zimenezi, musadikire Lolemba kuti muyambe kufunafuna loya. Ngati banja lilibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, kapena ku mabungwe oteteza ufulu wachibadwidwe monga CHRR ndi CHREAA, ndipo ngati womangidwayo ndi mtolankhani dziwitsani bungwe loteteza ufulu wa atolankhani la MISA Malawi tsiku lomwelo. Kalata ya madandaulo ipitenso ku Malawi Human Rights Commission, bungwe limene lili ndi mphamvu zoyendera malo osungirako omangidwa.

Konzekerani belo khoti lisanakhale. Pezani anthu awiri kapena atatu odziwika bwino, okhala ndi ziphaso za unzika ndi malo okhazikika, amene angaimirire monga mboni za belo, ndipo sonkhanitsani ndalama ina yapadera. N'zomvetsa chisoni kuona majisitireti atapereka belo, munthu n'kukagonabe ku Maula kapena ku Chichiri chifukwa anzake onse anali kuimba nyimbo panja ndipo palibe amene anabwera ndi chiphaso. Maola 48 akadutsa munthu asanaonekere kukhoti, loya apemphe bwalo lalikulu kuti lilamule apolisi kumubweretsa kapena kumumasula.

Mawu anu akhale oona ndi ochepa

Chikalata choyamba chopita kwa atolankhani chinene dzina la womangidwa, tsiku, malo, mlandu umene wapatsidwa, lamulo limene mukuona kuti laphwanyidwa, ndi chinthu chimodzi chimene mukufuna: amasulidwe kapena aperekedwe kukhoti. Musanene kuti wamenyedwa ngati loya kapena wachibale sanamuone ndi maso, chifukwa bodza limodzi likagwidwa, boma limaligwiritsa ntchito kufafaniza zoona zonse zimene mwanena. Musatchule dzina kapena kufalitsa chithunzi cha munthu banja lake lisanavomere, makamaka ngati ndi munthu wamba amene sanazolowere kukhala m'nyuzipepala. Kumbukiraninso kuti lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, choncho amene akulemba m'dzina la gulu apewe kutukwana ndi kuopseza, ngakhale mtima utawawa bwanji.

Musayime nokha. Boma silivutika kunyoza gulu limodzi ponena kuti latumidwa ndi chipani chotsutsa, koma limavutika pamene mabishopu, mashehe, bungwe la maloya la Malawi Law Society, mabungwe a anthu apantchito ndi ophunzira a m'sukulu zaukachenjede akunena chinthu chimodzi. Mbiri yathu ikuchitira umboni. Kalata ya mabishopu a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi kumangidwa kwa Chakufwa Chihana pabwalo la ndege la Lilongwe mwezi wotsatira, zinasonkhanitsa mipingo, antchito, ophunzira ndi maiko opereka thandizo, mpaka boma la Kamuzu Banda linavomera referendamu ya pa 14 Juni 1993. Makalata ochokera kunja nawonso si achabe: Amnesty International inakhala zaka zambiri ikukumbutsa dziko lapansi za Orton ndi Vera Chirwa, ndipo ngakhale Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka kumayambiriro kwa 1993. Lembani kwa akazembe a maiko ena ndi ku mabungwe a ufulu a m'chigawo chino, koma musalole kuti mawu akunja amveke kuposa a eni dziko.

Chidziwitso kwa bwanamkubwa

Mukatsimikiza kuti nthawi yopita pamsewu yakwana, lamulo loyenera kuliwerenga ndi la apolisi la 2010. Gawo 96 likufuna kuti wokonza zionetsero alembe chidziwitso kwa bwanamkubwa wa boma limene zionetserozo zichitikire, pasadakhale maola osachepera 48 koma osapitirira masiku 14, ndipo kope lake lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo. M'kalatayo mukhale dzina la wokonza ndi mmene angapezekere, dzina la bungwe, cholinga, tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, malo okumanirana, misewu imene mudzadutse, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekezera, oyang'anira bata, ndi ofesi imene mukaperekeko chikalata cha madandaulo. Pitani ndi makope awiri, ndipo musachoke mu ofesimo kope lanu lisanadindidwe chidindo chosonyeza tsiku ndi nthawi.

Pano pali mfundo imene akuluakulu ena a boma amakonda kuisokoneza dala. Kalatayi ndi yodziwitsa, si yopempha chilolezo, pakuti ufulu munapatsidwa kale ndi malamulo aakulu. Bwanamkubwa angathe kukuitanani ku msonkhano pamodzi ndi apolisi kuti mukambirane za njira ndi nthawi, ndipo ndi nzeru kupitako ndi loya komanso kulolera pa zinthu zazing'ono, monga kupewa msewu wa kuchipatala kapena nthawi imene ana akulemba mayeso. Koma akakana zionetserozo kapena kuziimitsa ponena kuti apolisi atanganidwa ndi ntchito zina, chifukwa chimene tachimva kambirimbiri pansi pa maboma a zipani zosiyanasiyana, pemphani kuti alembe zifukwa zake, monga gawo 43 la malamulo aakulu likunenera, kenako kadandauleni kubwalo lalikulu. Mbali inayo ikatenga chiletso cha khoti, chitsutseni kukhoti komweko ndipo uzani anthu anu momveka bwino ngati zionetsero zilipo kapena zaimitsidwa. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 chiletso chinabwera usiku wa tsiku loti mawa lake anthu ayende, khamu linasonkhana osadziwa chenicheni, mkwiyo unakula, ndipo masiku awiri amenewo anatha ndi imfa za anthu 20, ambiri mwa iwo ku Mzuzu.

Lamulo la apolisi lija limaletsa kusonkhana pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, nyumba ya boma yokhalamo mtsogoleri wa dziko, kapena bwalo la milandu, pa mtunda wosakwana mamita 100, pokhapokha mutaloledwa ndi eni malowo. Mu Malichi 2020 atsogoleri a bungwe la omenyera ufulu wachibadwidwe la HRDC, Gift Trapence ndi MacDonald Sembereka, anamangidwa ndipo Timothy Mtambo anakadzipereka yekha kupolisi, atalengeza kuti adzatseka nyumba za boma pofuna kukakamiza Pulezidenti Peter Mutharika kusaina malamulo a zisankho. Anatulutsidwa pa belo patapita masiku ochepa anthu ndi mabungwe atadzudzula kwambiri. Kaya wina aone kumangidwako bwanji, phunziro kwa wokonza zionetsero ndi lakuti mawu amene mwalengezera ndi malo amene mwasankha angapatse boma poyambira. Tsiku la mlandu, njira yabwino ndi kudzaza mabenchi a m'khoti mwakachetechete, mutavala bwino, osanyamula zikwangwani pakhomo.

Tsiku lenileni

Zionetsero zimayenda bwino kapena kuwonongeka malinga ndi oyang'anira bata. Asankheni pasadakhale, avale zovala zowasiyanitsa, ayende kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse, ndipo mmodzi wa atsogoleri akhale wolankhulana ndi mkulu wa apolisi amene ali pamalopo. Wina aliyense wonyamula mwala, chikwanje kapena botolo la petulo achotsedwe pagulu nthawi yomweyo, chifukwa lamulo limaletsa zida pa zionetsero ndipo limalola kuti okonza aimbidwe mlandu wolipira katundu amene wawonongeka. Kupatula lamulo, sitolo ya mayi wogulitsa zovala ikathyoledwa, nkhani ya madzulo pa wailesi imakhala ya kuba, ndipo dzina la womangidwa uja silitchulidwanso. Zimene zinachitika ku Msundwe mu Okutobala 2019, pamene wapolisi anaphedwa ndi khamu ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi apolisi, zikusonyeza amene amalipira chiwawa chikayamba. Bwalo lalikulu linalamula mu 2020 kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso, koma chipepeso sichibweza chimene chinawonongeka.

Yambani m'mawa ndipo mumalize dzuwa likadalipo. Aliyense anyamule madzi, nsalu yophimbira mphuno ngati utsi wokhetsa misozi utaphulitsidwa, ndi nambala ya loya yolembedwa pa pepala kapena pa dzanja, chifukwa foni ndi imene imayamba kulandidwa. Ana atsale kunyumba. Sankhani anthu angapo amene ntchito yawo ndi kujambula ndi kulemba zochitika okha, ndipo zithunzi azizitumiza nthawi yomweyo kwa munthu amene wakhala kunyumba. Vuto lina limene lakula m'zaka zapitazi ndi magulu a anyamata onyamula zikwanje amene amabwera kudzabalalitsa anthu, monga zinachitikira ku Lilongwe mu Juni 2025 pamene womenyera ufulu Sylvester Namiwa anamenyedwa achitetezo akuonerera. Magulu otere akafika, musabwezere. Bwererani mwadongosolo kumalo amene munagwirizana kale, tengani ovulala kuchipatala kuti pakhale lipoti la dokotala, ndipo umboniwo mukaupereke ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, komanso ku Malawi Human Rights Commission.

Chikalata cha madandaulo chikhale cha tsamba limodzi kapena awiri, chiwerengedwe mokweza pamaso pa wochilandira, ndipo iye asaine kope lanu. Musaunjikemo mavuto onse a dziko, kuyambira mtengo wa feteleza mpaka kusowa kwa mafuta, ngakhale onsewo ndi enieni. Ikani mayina a omangidwa, zimene mukufuna, ofesi yoyenera kuyankha ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho, ndipo musalengeze tsiku lomaliza ngati simunakonze chimene mudzachite likadzadutsa. Anthu asanabalalike, oyang'anira bata awerenge anthu awo ndipo mayina a amene akusowa aperekedwe kwa loya madzulo omwewo.

Belo ikaperekedwa, mlandu umakhala usanathe. Milandu yotere imakonda kuimitsidwa mwezi ndi mwezi, womangidwa uja akukaonekera kupolisi sabata iliyonse, pasipoti yake italandidwa, ntchito yake ikuwonongeka, pamene khamu linaiwala kale. Khazikitsani kagulu kakang'ono kosunga masiku onse a mlandu, koperekeza munthuyo kukhoti, kosonkhetsa ndalama za mayendedwe ndi zothandizira banja lake, ndi kodziwitsa atolankhani nthawi iliyonse imene boma lalephera kubweretsa mboni. Boma likakhala chete kwa nthawi yaitali, loya apemphe khoti kuti lithetse mlanduwo, ndipo zikaoneka kuti munthuyo anamangidwa popanda chifukwa, akambirane naye zokasumira boma kuti lipereke chipepeso. Pa mlandu umenewo, nthawi, nambala ya galimoto ndi mayina a mboni amene munalemba tsiku loyamba ndi zimene loya adzayambe kukufunsani.