Kaphokoso ka mu Hilux yanga ndinakapeza chonchi

Pikapu yanga, Hilux ya dizilo ija ya 2.5 D-4D, inayamba kulira ngati nkhululu makamaka m'mawa kukazizira ndikamachoka ku Mabvuku kupita ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, kukatenga matimati. Nkhawa inandigwira zedi poti ana amadyera galimoto yomweyi. Oyilo ndinayang'ana ali bhobho, utsi palibe, mphamvu ilipo.

Makaniko wina wa kwathu amene amagwira ku Magaba anangoti, "Achimwene musathamangire kumasula injini, yambani mwachotsa fani beluti." Ndinachotsadi nkuliza injini kamphindi kochepa chabe, osachedwetsa ayi chifukwa popanda lamba ameneyu injini imatentha komanso batire silichaja. Phokoso lija zii! Ndiye kuti vuto silinali mkati.

Nditazimitsa ndinayamba kuzunguza mapule onse (timawilo tomwe lambayu amayendapo) ndi dzanja imodziimodzi, ya altaneta ili myaa, koma nditafika pa kapule ka tenshona, kamene kamakunga lamba, kanali kogwedera nkumamveka ngati muli mchenga, beringi yatha girizi yense.

Ndinakagula kena ku Kaguvi Street, lamba naye ndinasinthiratu poti anali atang'aluka. Sabata yachitatu ino kaphokoso sikanabwerenso.