Mmene ndinakonzera sensa ya kapendekeke pa giledala

Sensa, kachipangizo koyeza kupendekeka kwa khasu la giledala (makina osalaza msewu), inkasonyeza kupendekeka kwa 3% popita ndi pobwerera, koma mbali imodzi ya msewu inkatuluka yosapendekeka mokwanira, moti madzi a mvula akanadikhapo. Ndinasintha waya ndi kuyatsanso kompyuta ya giledala, koma vutolo silinathe.

Ndinayamba ndi kupala dzimbiri pamalo pokhala sensa n'kumangitsa mabawuti ndi sipanala. Chimene chinathandiza kwenikweni n'chakuti ndinatsitsa khasu la giledala pakonkire, ndinalemba ndi choko pamene nsonga zake ziwiri zinagunda, ndinasunga nambala imene sensa inasonyeza, kenako ndinatembenuza makinawo madigiri 180 n'kutsitsanso khasulo ndendende pazizindikiro zomwezo, ndipo ndinasunganso nambala yachiwiri. Ziro weniweni wa sensa, kutanthauza nambala imene imasonyeza khasu likakhala losapendekeka, ali pakati pa manambala awiriwo, ngakhale konkireyo atakhala wopendekeka, ndipo ndi amene ndinalowetsa mu kompyuta. Ndinatsimikiza ndi levulo, ndipo ndalama inangopita pa waya uja.